Kadontho Kamene Kanamangitsa a Jafali

Senga Bay, Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Alendo onse atsikira kumchenga ndipo pano pa risepushoni pali zii, ndiye ndatenga mapepala a loji kuti ndikulembere. Mawa m'mawa tidzakhala tikukankhana pa depoti ku Salima, makondakitala akulimbirana masutikesi ako, ndipo ndikudzidziwa ndekha kuti chimene ndidzathe kukuuza n'chakuti uzivala juzi chifukwa kumeneko kumazizira. Kalatayi ndiika m'kathumba ka kutsogolo kwa chikwama chako. Usaitsegule m'minibasi. Ukaiwerenge ukafika, utakhala pansi.

Tsiku limene unandiwerengera kalata yokulemba ntchito ija unadabwa kuti sindinaimbe nthungululu. Unati akakuyambitsa ndi kulemba mayeso a kompaila, ndipo unayamba kundifotokozera pang'onopang'ono kuti kompaila ndi chiyani, poganiza kuti amayi ako ankangotaipa makalata ku Blantyre kuja. Ndinakusiya umalize. Ndine ndinakuchititsa kuganiza choncho, chifukwa sindinkafuna mafunso. Zoona zake n'zakuti ntchito ukukaigwirayo ndinaigwira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chifukwa cha mmene ndinaigwirira, munthu anakhala kundende zaka zinayi. Munthuyo umamudziwa. Ndi a Jafali, aja amabweretsa chambo kukhitchini kwa loji kuno, opanda mano akutsogolo, amene umawapatsa moni ukabwera ku holide.

Kampani yathu inkagulitsa mankhwala a mbewu ndi a ziweto. Ankabwera m'migolo, ife n'kumawathira m'mabotolo, ndipo botolo lililonse linkamatidwa kapepala konena kasakanizidwe kake. A Jafali anali mwana wa msodzi wa konkuno amene anakhoza bwino sukulu mpaka kukaphunzira za makompyuta kunja. Iwo anapanga kachilankhulo kophweka kakuti makalaliki azilembera malangizo a timapepala tija, ndipo anapanganso kompaila yake, ndiye kuti pulogalamu imene imatenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa zimene makina amamva. Ine ntchito yanga inali kuiyesa kompailayo. Ndinkalemba timapulogalamu tating'ono, kompaila n'kutimasulira, makina n'kutulutsa mawu. Pa mayeso alionse ndinkalemba patani yosonyeza mmene mawu otulukawo ayenera kuonekera. Zikagwirizana, makina ankalemba kuti yakhoza. Zikapanda kugwirizana, ankalemba kuti yalephera. Izi iwe ukuzidziwa kuposa ine, koma ndikufuna uone mmene zinayendera kuchokera pachiyambi. Muofesi monse, ochokera ku Salima tinalipo awiri, ine wa kwa Maganga ndi iwowo, ndipo tinkaitanana kuti akwathu. Akabwera kumudzi ankanditengera utaka wouma m'nyuzipepala, ndipo ambiri mwa utaka umenewo unadya ndiwe.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kulimbitsa mapatani mopitirira muyeso. Nditangoyamba, ndinkakopera chilichonse chimene makina atulutsa n'kuchisandutsa patani, ndi tsiku lomwe, ndi nthawi yomwe, ndi nambala ya mzere yomwe. Kukacha tsiku lasintha, theka la mayeso lalephera. A Jafali akawonjezera mzere umodzi pamwamba, manambala onse asuntha, mayeso alepheranso. Kompaila inalibe vuto, vuto linali ine. Pasanathe miyezi itatu anthu anazolowera. Pepala likatuluka litadzaza mawu oti yalephera, ankangoti ndi zija za mayi Mbewe, kunena ine, n'kuliika pansi pa kapu ya tiyi. Tsiku lina pakati pa zolephera zabodzazo panali chimodzi chenicheni, ndipo chinakhala pansi pa kapu sabata yathunthu popanda wochiona. Ndiye iwe, usanalembe patani, uzidzifunsa kuti pamenepa ndikuyesa chiyani kwenikweni. Chimenecho uchilembe ndendende, chilembo ndi chilembo. Zimene zimasintha zokha uzisiyire malo, koma malo olingana ndi chinthucho. Ngati pamabwera manambala, unene kuti manambala, ndipo ngati ukudziwa kuti amakhala angati, unenenso. Mayeso olephera popanda chifukwa amaphunzitsa anthu kusawerenga, ndipo akazolowera sungawabweze.

Kulakwa kwachiwiri kunabadwa m'koyambako. Manijala wathu anali a Kamwendo, munthu wovala baji ya chipani pa jekete tsiku lililonse, ngakhale Loweruka. Pepala la mayeso ankasaina ndi iwo timapepala tisanasindikizidwe. Tsiku lina anandiitana muofesi mwawo, osandipatsa mpando, n'kundiuza kuti safunanso kuona mawu oti yalephera pa pepala limene pakhale dzina lawo, ndipo ngati sindingathe, alipo ena amene akufuna mpando wangawo. Bambo ako anali atamwalira chaka chimenecho. Ndinabwerera pa desiki yanga, ndipo masana omwewo paliponse pamene pankandivuta ndinaikapo kadontho ndi kanyenyezi, zija zimatanthauza kuti apa pabwere chilichonse, chochepa kapena chochuluka. Mawa lake mayeso onse anakhoza. A Kamwendo anandiyamikira pamaso pa anzanga, ndipo sindikubisa, ndinasangalala.

A Jafali sanasangalale. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga, anatenga mayeso amodzi, ndipo pamalo pamene panayenera kutuluka dzina la mankhwala anachititsa kuti patuluke mawu oti usipa. Makina analemba kuti yakhoza. Anachotsa mawu onse, mzere n'kutsala wopanda kanthu. Makina analembanso kuti yakhoza. Atsikana awiri a ku taipi anali pomwepo ndipo anaseka, koma iwo sanaseke. Anandisonyeza kuika kachizindikiro kooneka ngati kadenga kumayambiriro kwa patani ndi chizindikiro cha dola kumapeto, kuti mzere wonse uziyesedwa, kuopa kuti makina angapeze kachidutswa kofanana pakati pa zinyalala n'kukhutira. Kenaka anati, "Akwathu, mukalemba mayeso muzindiwonongera dala kompaila yangayi, muone ngati akugwira. Mayeso amene simunawaonepo akulephera, simukudziwa ngati ali ndi maso."

Tadala, mawu amenewo anali olondola, ndipo ndinawamva bwinobwino. Koma chimene chinatsala mumtima mwanga chinali kuseka kwa atsikana aja. Ndinaona ngati andichititsa manyazi, munthu wamng'ono kwa ine ndi zaka zitatu. Tizindikiro tija ndinaika paliponse, timanyenyezi tambiri ndinachotsa, chifukwa zimenezo zinkaoneka ndi maso. Zowononga dala kompaila sindinachite. Zinkafuna masiku awiri, panalibe woti andifunse, ndipo ndinkadziuza kuti ndidzachita mwezi wamawa. Kumene ukupitako adzakukonza anthu aang'ono kwa iwe, ena mwachipongwe, ena pamaso pa gulu. Manyazi ako uzikalira nawo kuchimbudzi ngati ukufuna, koma zimene akuuzazo uzichita tsiku lomwelo. Ndikubwereza: mayeso alionse amene walemba uwaone akulephera ndi maso ako, kamodzi kokha, usanawakhulupirire.

Tsopano ndifike pa kadontho. Chaka chimene unasankhidwa kupita ku sekondale, kampani inagula makina atsopano osindikizira, ndipo a Jafali anasintha mbali ya kompaila imene inkasamalira manambala. Posinthapo analakwitsa kanthu kakang'ono. Nambala ikakhala ndi kadontho pakati, nthawi zina kadonthoko kankasanduka ziro. Kulakwitsa kotere aliyense wolemba mapulogalamu amakuchita, ndipo n'chifukwa chake kampani inkandilipira ine. Ndinali nawo mayeso a chinthu chimenechi. Anali a mankhwala opopera ng'ombe kupha nkhupakupa, ndipo mzere wake unkati thirani mamililita 2.5 pa lita imodzi ya madzi. Patani yanga inali ndi kadenga kutsogolo, dola kumapeto, mawu onse ndendende, ndipo pakati ndinalemba 2.5 mmene munthu aliyense angalembere. Ndinaiwala kuti mu patani kadontho si kadontho. Kamatanthauza chilembo chilichonse. Kuti kakhale kadontho kenikeni pamafunika kamzere kopendekera m'mbuyo patsogolo pake, motere: 2\.5. Kamzereko sindinaike. Kompaila inatulutsa 205, patani yanga inaona 2, inaona chilembo china, inaona 5, n'kuvomera.

Linali Lachisanu. Ndinayang'ana mzere wa kumanja kwa pepala, ndinaona yakhoza kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndinasaina. Zimene zinatulukazo zinali pa pepala lachiwiri, pansi pa dzanja langa, ndipo sindinalitembenuze. A Kamwendo anasaina pambuyo panga. Lolemba mabotolo anamatidwa n'kukwezedwa m'malole. Uzitembenuza pepala, mwana wanga. Pa mayeso atsopano alionse uziwerenga zimene zatulukadi, osati chigamulo cha makina chokha. Ndipo ukaona kadontho, kanyenyezi, chizindikiro cha funso, kapena mabulaketi mu patani yako, uime, udzifunse ngati ukufuna chizindikiro chenichenicho kapena mphamvu yake.

Alimi ambiri sanavulale, chifukwa sawerenga timapepala. Amayeza ndi kachitsekerero ka botolo monga anazolowera. Koma ku esiteti ina cha ku Chitala kunali kapitawo watsopano wodziwa kuwerenga. Ndinamva pambuyo pake kuti anakayika, anawerenga kawiri, koma masiku amenewo pepala losindikizidwa silinkatsutsidwa ndi kapitawo. Anasakaniza mmene linanenera. Ng'ombe zoposa makumi awiri zinafa m'masiku atatu, ndipo antchito awiri amene ankapopera anagonekedwa m'chipatala, mmodzi khungu la m'manja litasupuka. Esitetiyo inali ya munthu wamkulu m'chipani. Akanakhala mlimi wamba, bwenzi kampani itangopepesa. Koma kwa munthu ngati ameneyo ng'ombe sizinkafa mwangozi. Panayenera kukhala wina amene wazipha.

Anabwera apolisi atatu ovala wamba, Lolemba lina m'mawa, pa galimoto yopanda chizindikiro. Anakhala muofesi ya a Kamwendo ola lathunthu, kenaka anandiitana. Pa tebulo panali pepala langa la mayeso ndi botolo limodzi. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati siginecha ili pamenepo ndi yanga ndiponso ngati mayeso onse anakhozadi. Ndinati inde. Sindinaname, ndipo panthawiyo sindinkadziwa kanthu. A Kamwendo ndiye anamalizitsa nkhani. Anati pepalali likusonyeza kuti Lachisanu pulogalamu inali bwinobwino, ndiye kuti wina anaisintha itayesedwa kale, ndipo munthu wodziwa kuisintha pakampani pano ndi mmodzi yekha. Anawonjezera kuti munthuyo anaphunzira kunja ndipo amalandira makalata ochokera kunja. Apolisi aja anawachotsa a Jafali pa desiki yawo, jekete yawo ili pampando. Podutsa pa ine anandiyang'ana ngati akufuna kufunsa kanthu, koma anawakankha.

Ukuona chimene chinachitika? Mayeso anga sanangolephera kugwira cholakwa. Anasanduka umboni wakuti cholakwacho chinali chadala. Pepala lonena kuti zonse zili bwino ndi loopsa kuposa kusakhala ndi pepala, chifukwa anthu amaliimika m'malo mwa maso awo. Ukamasaina kuti chinthu chayesedwa, udziwe kuti tsiku lina wina adzalinyamula pepalalo kukalozera nalo munthu chala.

Lachitatu ndinapeza. A Kamwendo anandiuza kuti ndione mmene tingakonzere pulogalamu, ndipo ndinayendetsanso mayeso onse pa kompaila yomwe ija, yosakhudzidwa ndi munthu. Onse anakhoza. Ndinatembenuza pepala, ndinaona 205 ali pomwepo, ndipo pambali pake pali yakhoza. Ndinayang'ana patani yanga kwa nthawi, kenaka ndinaika kamzere kaja n'kuyendetsanso. Makina analemba kuti yalephera. Ndinapita m'kabati, ndinatulutsa pepala lachiwiri la Lachisanu lija, ndipo 205 analinso pamenepo, kusonyeza kuti palibe anasintha kanthu pambuyo pa mayeso. Pepala limenelo likanatha kuwatulutsa a Jafali. Mwina sakanawatulutsa, sindikudziwa, anthu aja sankakonda kubweza munthu amene amutenga kale. Koma linali m'manja mwanga.

Ndinaliika m'chikwama. Ndinayenda nalo masiku anayi. Ndinkaganiza za iwe, yunifomu yako yatsopano ili pa chingwe, ndi zakuti akanditenga ine ukhala ndi yani. Tsiku lachisanu ndinalikolezera mbaula, iwe uli pakhonde ukupukuta nsapato. Usadzaganize kuti ndikukusenzetsa mlanduwu. A Jafali nawonso anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo ndinkadziwa. Ndinasankha ndekha. Pambuyo pake ndinakonza mapatani onse, mmodzimmodzi, ndinawononga dala kompaila kambirimbiri monga anandiuzira, ndipo mayeso anga anakhala abwino kwambiri. Anabwera katswiri wina kudzalowa m'malo mwawo ndipo anawayamikira. Palibe chinandiwawa pa ntchito ija kuposa kuyamikiridwa kumeneko.

Ukadzapeza cholakwa chako, ukachinene lisanalowe dzuwa. Tsiku loyamba chimakhala cholakwa chabe. Ukagona nacho chimasanduka chinsinsi, ndipo m'mawa uliwonse chimavuta kuchinena kuposa dzulo lake, chifukwa tsopano uyenera kufotokozanso chifukwa chimene unakhalira chete. Anthu adzakuuza kuti zinthu zasintha, masiku ano palibe amamangidwa chifukwa cha ng'ombe. Mwina. Koma kulikonse kumene chinthu chawonongeka pamafunika munthu woti asenze, ndipo amasankha amene alibe womulankhulira. Kumene ukupitako mlendo wopanda womulankhulira udzakhala iwe. Uzisunga zimene makina atulutsa, uzilemba chifukwa chimene unalembera patani iliyonse mmene ilili, ndipo wina akadzakuuza kuti safuna kuona mawu oti yalephera, umupemphe kuti alembe zimenezo pa pepala n'kusaina.

A Kamwendo sakanasaina zotere. Kampani itayamba kuchepetsa antchito, ine ndinali m'gulu loyamba, ndi mmene ndinapezekera kuno ndikusindikiza menyu ya alendo. Iwo baji ija anavula mwezi umene mphepo inatembenuka. Chaka chatha ndinawaona pa msonkhano ku boma, ataimirira pa lole, atavala malaya a chipani china, akulira m'maikolofoni za abale athu amene anamangidwa popanda mlandu. Anthu ankawomba m'manja. Ndinafuna kulavula, koma ndinakumbukira kuti ine ndi iwo tinasaina pepala limodzi.

A Jafali anatuluka pamene andende ambiri ankamasulidwa, chisankho chisanachitike. Mkazi wawo anali atatengedwa ndi abale ake n'kukwatiwanso ku Nkhotakota. Maso awo anawonongeka, sangayang'ane pa kompyuta ngakhale mphindi zisanu osatuluka misozi. Ndinakumana nawo koyamba kuseri kwa khitchini, atanyamula dengu la nsomba pa njinga. Anandizindikira iwo poyamba. Anati, "Akwathu, muli kuno?" Ndinawayankha moni ngati munthu wosadziwa kanthu, ndipo kwa chaka ndi theka ndinkazemba nthawi imene amabwera. Chimene chinandisuntha ndi kalata yako ija. Utandiwerengera, ndinaona kuti sindingakutumize kukagwira ntchito imeneyi ndili ndi zimenezi m'mimba.

Mawa lake ndinawadikira pa geti ya kuseri. Ndinawauza zonse, kadontho, pepala lachiwiri, mbaula. Anamvetsera atagwira chiwongolero cha njinga, osandidula. Nditamaliza anati ankadziwa. Anati mwezi wachiwiri ali m'selo, popanda pepala kapena pensulo, ankaiyendetsa kompaila yonse m'mutu, ndipo anapeza pamene analakwitsa. Atapeza anadzifunsa kuti nanga mayeso anakhoza bwanji, ndipo yankho linali limodzi lokha. Anati apolisi ankawafunsa kawirikawiri kuti anagwirizana ndi yani, ndipo mano aja anatha pa funso limenelo, koma dzina langa sanatchule chifukwa ankadziwa kuti ndili ndi mwana wamasiye.

"Kadonthoko sindinakuimbeni nako mlandu," anatero. "Inenso ndinalakwitsa. Koma ndinkati mukaona mudzanena. Chitseko chikatseguka ndinkati mwina ndi lero. Chaka choyamba chonse ndinkatero."

Ndinapepesa. Anati kupepesa kwa kuseri kwa khitchini kulibe ntchito kwa iwo. Anandifotokozera kuti atamangidwa, anyamata a chipani anapita kumudzi kwawo, anaswa bwato la azichimwene awo n'kutentha makoka. Mpaka lero banja lonse limakhulupirira kuti anapha ng'ombe zija dala, kuti sukulu inawalowetsa m'zandale n'kubweretsa tsoka pamudzi. Amadya nawo, amawapatsa nsomba zokagulitsa, koma pa nkhani za banja sawafunsa maganizo. Iwo akafotokoza za kompyuta, abale amangoyang'anana. Anati ngati ndikufunadi kuchitapo kanthu, ndipite ndikanene pamaso pa amayi awo ndi azichimwene awowo, ndi pakamwa panga.

Ndinazengereza masabata atatu, kenaka ndinapita, Lachisanu lapitali, anthu atatuluka ku mzikiti. Ndinakuuza kuti ndikupita kwa Maganga kukaona munda. Anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Panali azichimwene awo awiri, akazi awo atakhala chapatali, ndi amayi awo, okalamba kwambiri, atatsamira khoma. Ndinalankhula mwina theka la ola. Za kompaila sanamve, ndinkaona pankhope zawo. Ndiye ndinasalaza mchenga ndi dzanja, ndinalemba 2.5, pansi pake 205, n'kunena kuti ntchito yanga inali kuona kusiyana kwa ziwirizi, sindinaone, ndipo nditaona ndinabisa. Ndinanena kuti mwana wawo sanaphe ng'ombe ya munthu.

Achimwene aakulu anandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati patapita masiku awiri chimutengereni. Anafunsa ngati ndiye kuti zaka zinayi zonsezo ndinkadziwa, ndinkadya, ndinkagona, ndinkapita ku tchalitchi. Ndinati inde. Amayi aja anapempha kuti awadzutse. Mpongozi wawo anawagwira mkono mpaka pamene ndinalembapo. Anawerama, anapapasa mchenga, chala chawo chinapeza kabowo kamene ndinaboola pakati pa manambala awiri aja.

"Kameneka?" anafunsa.

Ndinati komweko. Anakhala chowerama nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa a Jafali, anawagwira kumaso ndi manja onse awiri, mchenga uli ku zala, n'kuyamba kuwalankhula m'Chiyao motsitsa mawu. Sindinamve zimene ankanena. A Jafali, amene sanalire pondiuza za mano awo, analira pamenepo. Ine palibe anandiyang'ananso. Ndinadzuka, ndinatsazika, palibe anayankha. Madzi sanandipatse, ndipo palibe mayi ngakhale mmodzi ananyamuka kundiperekeza. A Jafali okha ananditsata mpaka pothera mpanda. Anati ndachita zimene anapempha, zotsalazo ndi za Allah, iwo alibe china choti andipatse. Lolemba anabweretsa chambo monga mwa masiku onse. Tinapatsana moni, basi. Kukhitchini kuno nkhani yafika kale, ndipo ophika asiya kundisungira tiyi.

Zimene ndinali nazo zoti ndikupatse ndi zimenezi, Tadala. Ulemba mapatani ambiri kuposa amene ine ndinalemba, pa makina amene sindidzawaona, ndipo ambiri mwa iwo palibe adzawawerenge. Uziwalemba ngati kuti pali munthu amene adzaimirire pa mlandu chifukwa cha iwo. Usawalimbitse mpaka anthu kuleka kuwamvera, usawamasule mpaka kuvomera chilichonse, ndipo ukalakwitsa, unene.

Ukhoza kunena kuti ngakhale lero ndachita mwamantha, kukuuza pa pepala iwe uli kutali. N'zoona. Kwa anthu aja ndinatha kuimirira, koma nkhope yako ndalephera. Ngati papita miyezi usanandilembere, sindidzakufunsa chifukwa. Koma tsiku limene udzalembe, usadzandifewetsere mawu. Udzalembe zimene ukuganizadi za ine, ndipo ndidzawerenga mpaka pansi.

Mulungu akusunge kumene ine sindingafike.

Ndine amayi ako.